Kodi nyimbo ya Victoria ikutamanda atsamunda? Yankho kwa achemwali a ku Yorkshire

Mwa maimelo amene ndalandira mwezi uno, iyi ndiyo yandikhazika pansi. Yachokera kwa achemwali athu ena amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Yorkshire, kumpoto kwa England. Ndaidula pang'ono:

"Achimwene, kuntchito kwathu kuli agogo ena aamuna amene tsiku silipita osaika chimbale cha gulu la The Kinks chotchedwa Arthur. Nyimbo yoyamba, Victoria, amaimba nawo mokweza, ndipo inenso yandilowa moti ndimangozindikira ndikuing'ung'udza m'basi. Koma nditatchera khutu ndamva akutchula India, Singapore ndi Hong Kong ngati minda ya bambo awo. Kodi sikutamanda utsamunda kumeneku? Nanga maina enawa, Beaverbrook, Princess Marina, Anthony Eden, ndi ndani? Ndikuopa kuvina nyimbo yonditukwana."

Achemwali, zikomo polemba. Ing'ung'udzani ndithu, mtima uli m'malo. Nyimboyo sikukutukwanani, ndipo amene akusekedwa mmenemo ndi Mfumukazi Victoria ya ku Britain pamodzi ndi onse amene anakula akuilambira. Kungoti chimbalecho sichikutidziwa inu ndi ine, ndipo zimenezo ndizinena poyera tikafikapo.

Tiyambe ndi eni nyimbo. The Kinks linali gulu la anyamata a ku Muswell Hill, kumpoto kwa London, ndipo mizati yake inali abale awiri a bere limodzi: Ray Davies wobadwa mu 1944 ndi mng'ono wake Dave wobadwa mu 1947. Kwawo anabadwa ana 8, atsikana 6 kutsogolo, anyamata awiriwa kumchira, m'banja la anthu odya za thukuta lawo. Ray ankapeka nyimbo ndi kutsogolera, Dave ankaliza gitala. Anatchuka mu 1964 ndi nyimbo yaphokoso ya You Really Got Me, koma mu 1965 atapita kukaimba ku America anasemphana ndi bungwe la oimba la kumeneko, ndipo chitseko chinatsekedwa kwa zaka zinayi. Pamene anzawo a Rolling Stones ndi The Who ankakolola madola kutsidya, iwo anali kumudzi. Chiletso chimenecho ndicho chinatembenuza maso a Ray. Anasiya kuyang'ana ku America n'kuyamba kupenyetsetsa anthu a mumsewu wa kwawo: tiyi wawo, lendi yawo, timinda tawo ta maluwa, ndi kaulemu kawo kamantha pamaso pa mabwana.

Chimbale cha Arthur chinatuluka mu October 1969, chili ndi nyimbo 12. Poyamba chinali cha sewero la pa kanema. Kampani ya Granada, ya ku Manchester, inapempha Ray kuti alembe sewero mothandizana ndi mlembi wina, Julian Mitchell. Nyimbo zinajambulidwa, osewera anapezeka, koma sewerolo linafera m'mazira pa nkhani za ndalama. N'chifukwa chake munthu akamvera chimbalecho popanda womutsina khutu amasokonezeka, pakuti mawu olumikiza nyimbo ndi nyimbo anatsala m'kabati.

Nkhani yake, monga anailembera Mitchell pachikuto, ndi iyi. Arthur Morgan ndi bambo woyala makapeti m'nyumba za anthu. Ali ndi kanyumba m'mphepete mwa London, kamunda, galimoto, ndi mkazi wake Rose. Mchimwene wake Eddie anafera kunkhondo ya ku Somme. Arthur anatcha mwana wake dzina lomwelo, ndipo Eddie wachiwiriyo anakafera ku Korea. Mwana amene watsala, Derek, akulongedza katundu kuti asamukire ku Australia ndi mkazi ndi ana. Ray sanachite kumupeka munthuyu. Mlongo wake wamkulu anakwatiwa ndi bambo wa dzina lomwelo la Arthur, Ray anakhalako kunyumba kwawo ali mnyamata, ndipo banjalo linasamukiradi ku Australia mu 1964. Musaiwale mfundo imeneyi: wosekedwayo ndi mlamu wake, munthu amene anamudyetsapo.

Chipongwe chikuyambira pa dzina lenilenilo. Mutu wonse wa chimbale umati Arthur, kapena kuti kufooka ndi kugwa kwa ufumu wa Britain. Mngerezi aliyense wopita kusukulu amadziwa kumene mawuwo abedwa: m'buku lalikulu la Edward Gibbon lonena za kufooka ndi kugwa kwa ufumu wa Roma, limene linayamba kusindikizidwa mu 1776 ndipo lili m'zigawo 6. Komanso Arthur ndi dzina la mfumu ya m'nthano za Angerezi, ya lupanga ndi ankhondo okwera pa mahatchi. Ray anatenga ulemerero wonsewo n'kuuveka munthu wokwawa ndi mawondo, misomali ya kapeti ili kukamwa.

Ndipo kumbukirani chaka chake. India anachoka mu 1947. Mu 1956 Britain anakachita manyazi pa nkhondo yolimbirana ngalande ya Suez ku Egypt. Ghana anachoka mu 1957, ife pa 6 July 1964, abale athu a ku Zambia pa 24 October chaka chomwecho. Mu 1965 Ian Smith analanda Rhodesia, London n'kumangoyang'ana. Mu November 1967 boma la Harold Wilson linatsitsa mphamvu ya paundi, ndipo kumayambiriro kwa 1968 linalengeza kuti likuchotsa asilikali ake kummawa kwa Suez chifukwa thumba linali litabooka. Choncho munthu woimba za kukula kwa ufumu mu 1969 anali kuimba pamaliro, ndipo omvera onse ankadziwa kuti mtembo uli m'nyumba.

Tsopano nyimbo yanu ija. Woyankhula mu Victoria si Ray ayi, ndi munthu wa m'badwo wa Arthur. Akuyamba ndi kuyamikira kale, kuti moyo unali waukhondo. Koma tamvani zimene akuziika m'ndandanda wa ukhondowo: nkhani za kuchipinda zinali zonyansa zosatchulika, olemera anali oumira, mabwana anali ndi nyumba zikuluzikulu ndi mabwalo a udzu osewererapo. Kenako akuti iye ndi wosauka koma ndi mfulu, ndipo akakula adzamenya nkhondo n'kufera dziko limeneli. Akunena zimenezi mokondwa, ngati wapata mwayi. Pamenepo ndiye pali mbola. Mwana wosauka waphunzitsidwa kuti chuma chake n'chakuti adzafera mabwalo a udzu a eni ake.

Pakati pa nyimboyo liwiro limatsika, malipenga n'kulowa mwaulemu ngati pa perete. Apo akunyogodola nyimbo ya Land of Hope and Glory, ya Edward Elgar, imene inapatsidwa mawu mu 1902 ndipo mpaka lero Angerezi amaiimba akukupiza mbendera ku Royal Albert Hall. Nanga mndandanda wa mayiko umene wakudetsani nkhawa uja, taumveraninso. Pakati pa Canada, India, Australia, Singapore ndi Hong Kong waponyapo Cornwall, chigawo cha kunsonga ya England komweko, kumene anthu amapita kukawothera dzuwa pa holide. Ndi mapu a mwana wasukulu woloweza zinthu zimene sanazionepo. Pomaliza akuti onsewo, olemera ndi osauka, Victoria ankawakonda. Kumbuyo Dave akukuwa ndi kuseka ngati munthu wa pa mowa, ndipo kaimbidwe konse ndi ka rock ya ku America, ya dziko lomwe lija linalanda Britain mpando.

Koma sindikunamizani kuti muli chipongwe chokhachokha. Mukamva mmene amakwezera dzina la mfumukaziyo, muli chisangalalo chenicheni, ndipo agogo anuwo akamaimba nawo mwina akumva zonse ziwiri pakamodzi. Ife zimenezi sitiyenera kuvutika nazo, pakuti tili ndi mganda ndi malipenga. Amuna atabwera kunkhondo ya 1914 anayamba kuvala zoyera, kufola mizere, kuliza malipenga a zikho, wina n'kukhala kingi, wina kaputeni, wina dokotala, gulu lonse n'kumatchedwa boma. Funsani munthu wa ku Nkhata Bay kapena ku Dowa ngati guleyo akuseka perete wa mzungu kapena akunyadira kutchena kwake. Adzakuyang'anani modabwa, chifukwa kwa iye funsolo n'losamveka. Akuseka, akunyada, ndipo phazi silikuphonya ng'oma. Victoria ndi gule wa mtundu umenewo, kungoti ovina ake ndi ana a mwini perete.

Apa ndi pamene ndinati tifikapo. M'mayiko onse otchulidwa m'nyimboyo mulibe ngakhale limodzi la mu Africa. Victoria analamulira kuyambira 1837 mpaka 1901, ndipo dziko lathu linalowa m'manja mwake mu 1891, pa nthawi ya Harry Johnston. Msonkho wa nyumba unayamba m'zaka zimenezo. Inkosi Gomani Chikuse anaphedwa ndi asilikali a boma limenelo mu 1896. Amene anadutsapo pa Mangochi anaiona nsanja ya wotchi pafupi ndi mlatho wa Shire, yomangidwa pokumbukira mayi yemweyo, ndipo msewu waukulu wa mu Blantyre udakali ndi dzina lake. Choncho mawu akuti ankawakonda onse amaluma kwambiri m'khutu la munthu wa ku Ntcheu kuposa mmene Ray ankaganizira. Iye ankawerenga ngongole imene ufumu unasiya kwa mzungu wosauka wa ku London. Ngongole ya kwa ife sanaitsegule n'komwe. Sindikumuimba mlandu waukulu, pakuti munthu amalira maliro a kwawo, koma musayembekezere kudzipeza m'chimbalechi.

Komabe pali pamene njira yake ndi yathu zimakumana, ndipo ndi pa nyimbo ziwiri zotsatira. Mu Yes Sir, No Sir mukumveka mawu awiri. Woyamba ndi msilikali wamba amene akupempha chilolezo cha chilichonse, ngakhale chopuma mpweya. Wachiwiri ndi bwana wake, woyankhula mwaulemu wa kusukulu zapamwamba, amene akuti apatseni mfuti anyamatawa akamenye, wothawa aomberedwe, ndipo wina akafa titumiza mendulo kwa mkazi wake. Si nthabwala chabe. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse asilikali 306 a Britain ndi mayiko ake anaomberedwa ndi anzawo pa milandu monga kuthawa ndi mantha, ndipo boma linawakhululukira mu 2006, onse atawola kalekale. Some Mother's Son ilibe nthabwala ngakhale imodzi. Msilikali akweza mutu m'ngalande kuyang'ana dzuwa, mnzake akumuitana, potembenuka chipolopolo chamupeza, ndipo kumudzi mayi ake akukonza chithunzi chake pakhoma. Pa 1 July 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Somme, asilikali a Britain oposa 19,000 anafa tsiku limodzi lokhalo. Matauni a kumpoto kumene mulikowo anavulala koposa, chifukwa anyamata a msewu umodzi ankalembedwa m'gulu limodzi, n'kukathera limodzi. Mukadutsa pa chipilala cha maina pakati pa tauni yanu, werengani kuti dzina la banja limodzi likubwerezedwa kangati.

Nditamva nyimbo ziwirizi maganizo anga anathamangira kwa Abusa John Chilembwe, amene nkhope yawo ili pa K2,000. Mu November 1914, nkhondo itafika kale ku Karonga, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yawo inali yakuti pa mtendere zabwino zonse ndi za azungu, koma pa nkhondo magazi ofunika ndi a munthu wakuda, ndipo anati kunkhondoko kupite olemera, eni mabanki ndi eni minda, osati amphawi amene akafa amangosiya akazi amasiye ndi ana. Boma linaitsekereza kalatayo. Amuna a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 anasenza katundu wa nkhondo ngati amtengatenga, ambiri osabwerako, ndipo chipilala cha King's African Rifles ku Zomba chilipo mpaka lero. Chilembwe ndi Ray Davies sanamvane mbiri, ndipo pakati pawo pali zaka 55, koma onse anaona chinthu chimodzi: woitanitsa nkhondo si amene amakagona m'ngalande.

Dzina loyamba mwa amene mwafunsa, la Beaverbrook, lili mu nyimbo ya Mr. Churchill Says. Churchill mukumudziwa, ndipo nyimboyo ikutola zidutswa za zimene anayankhula mu 1940, monga zija zakuti tidzamenyana m'magombe ndi m'misewu. Lord Beaverbrook anali mwini nyuzipepala ya Daily Express, wobadwira ku Canada, amene Churchill anamuika kukhala nduna yoona zopanga ndege. Iyeyu ndiye anapempha amayi kuti apereke mapoto ndi masefuliya awo kuti apangire ndege za Spitfire, ndipo pambuyo pake boma linazula mageti ndi mipanda yachitsulo m'makomo mwa anthu. Ray akuimba mokhala ngati wakhulupirira kuti zitini zopanda kanthu ndi mageti a kumunda ndizo zitipambanitse. Olemba mbiri ambiri amati gawo lalikulu la zitsulozo silinafike pa ndege iliyonse. Achemwali, poyenda m'misewu yakale ya ku Yorkshire yang'anani timakoma tatifupi ta kutsogolo kwa nyumba. Mudzaona tizitsa tachitsulo tili ndandanda pamwamba pake. Ndi mipanda ija. Afunseni agogo anuwo, mwina akukumbukira.

M'nyimbomo mulinso maina ena. Montgomery anali mkulu wa asilikali amene anapambana ku El Alamein mu 1942. Mountbatten, wachibale wa banja lachifumu, ankalamulira nkhondo ya kumwera chakummawa kwa Asia kuyambira 1943, ndipo agogo athu a KAR amene anakamenya ku Burma anali pansi pa ulamuliro wake. Ndiyenso anakatseka chitseko ku India mu 1947. Vera Lynn anali woimba wokondedwa ndi asilikali, mwini nyimbo yolonjeza kuti tidzaonananso, ndipo anamwalira mu 2020 ali ndi zaka 103. Chimene ndimakondera nyimboyi n'chakuti pakatikati pamalira sayirini yochenjeza za mabomba, liwiro n'kusintha, ndipo mawu a akuluakulu aja amazimirira. Otsala ndi anthu a mumsewu: nyumba ikuyaka, wina wagona wafa, tiyeni tisese. Kulimba mtima kwa anthuwo Ray sakukuseka. Akuseka kusiyana kwa mawu okoma a pa wailesi ndi tsache la m'manja.

Maina awiri enawo ali mu nyimbo ya zipewa, She's Bought a Hat Like Princess Marina, ndipo ndiyo yoseketsa kuposa zonse. Princess Marina anali mwana wa banja lachifumu la ku Greece amene anakwatiwa ndi Duke of Kent mu 1934, ndipo ankatchena moti amayi a ku Britain ankathamangira kugula zipewa zofanana ndi zake. Anamwalira mu 1968, chaka chimodzi chimbale chisanatuluke. Amene munakhalako ku Botswana mukudziwa chipatala chachikulu cha ku Gaborone chotchedwa dzina lake, pakuti ndiye anaimira mfumukazi pa tsiku la ufulu wa dzikolo mu 1966, monganso anachitira ku Ghana. Anthony Eden anali nduna yaikulu kuyambira 1955 mpaka 1957, mwamuna wovala bwino kwambiri moti chipewa chakuda chimene ankakonda chinayamba kutchedwa dzina lake m'masitolo. Ndiye yemwe uja anagwa ndi nkhani ya ku Suez.

M'nyimbomo mayi wosauka wagula chipewa chonga cha Marina. Alibe kopita nacho, sadzaponda ku mijaha ya mahatchi ya ku Ascot kumene olemera amakaonetsa zipewa, ndiye amachivala popukuta mawindo ndi pokolopa masitepe. Bambo nayenso wagula cha Eden kuti azimva ngati bwana, ngakhale Rolls-Royce sangaikwanitse, galimoto yake ndi Ford yogula kwa wina, ndipo kunyumba chakudya n'chosowa. Nyimbo imayamba mwaulemu ngati m'nyumba ya mfumu, kenako imasanduka chipwirikiti cha m'holo ya zisudzo. Taonani kuti chipewa cha bamboyo n'cha munthu amene anagwetsa ulemu wa dziko. Wosauka akutsanzira bwana amene nayenso chake chinatha.

Koma mtima wa chimbale chonse ndi Shangri-La, ndipo kwa ine palibe nyimbo ina ya Ray Davies yoposa imeneyi. Dzinalo linachokera m'buku la James Hilton la mu 1933, Lost Horizon, lonena za chigwa chobisika kumapiri a ku Tibet kumene anthu sakalamba msanga. Angerezi a m'timanyumba ta m'mphepete mwa mizinda ankakonda kukhoma dzinali pageti. Arthur wagwira ntchito moyo wake wonse ndipo wafika: ali ndi mpando wake pafupi ndi moto, nsapato zofewa za m'nyumba, galimoto panja, ndipo za chimbudzi cha kuseri kwa nyumba anaiwala. Musachipeputse chimbudzicho. M'zaka zimenezo nyumba zambirimbiri za anthu ogwira ntchito ku Britain zinali zidakali ndi chimbudzi chapanja, ndipo kupita kumeneko usiku wa chisanu si masewera. Arthur wapambanadi kanthu.

Nyimbo imayamba pang'onopang'ono ngati yogonetsa mwana. Kenako ikuyamba kuwerenga mtengo wa paradaisoyo: sitima ya m'mawa tsiku ndi tsiku, ngongole ya nyumba ili pamutu, kanema ndi wailesi zolipira mashilingi 7 pa sabata, bilu ya gasi, bilu ya madzi, ngongole ya galimoto. Pakati gitala amakalipa, ndipo Ray akuti nyumba zonse za mumsewuwo n'zofanana, machumuni ofanana, mawindo ofanana, n'chifukwa chake eni ake amazipatsa maina kuti azizisiyanitsa. Anansi amabwera kudzamwa tiyi ndi kujeda. Mwini nyumba sangadandaule, chifukwa anaphunzitsidwa kuti munthu wonga iye apa ndiye pothera. Ena pa nthawiyo anaimva ngati mnyamata wolemera wa gitala akunyoza anthu wamba, ndipo Dave wakhala akunena kuti anaimva molakwa. Ine ndili kumbali ya Dave. Munthu wonyoza sangadziwe kuti chimbudzi cha m'nyumba n'chinthu chonyaditsa. Mkwiyo wa nyimboyo ukulunjika kwa amene analemba malire a maloto a Arthur, n'kumuuza kuti athokoze. Ndipo inu amene mukulipira lendi, gasi ndi msonkho wa khonsolo kuchokera pa malipiro a mashifiti a usiku, kwinaku akumudzi akuyesa mukusambira m'ndalama, sindikuganiza kuti mufunika womasulira.

Australia ndi nyimbo ya matchona. Kuyambira nkhondo yachiwiri itatha, boma la Australia linkatenga Angerezi pa mtengo wa mapaundi 10 okha munthu wamkulu, ana ulere, malinga ukakhaleko zaka ziwiri. Anapita oposa 1 miliyoni. Ray akuimba ngati wolengeza malonda: kumeneko kulibe kusankhana kwa apamwamba ndi apansi, kulibe mankhwala ozunguza bongo, aliyense amayenda akumwetulira, Khirisimasi imakhala ya dzuwa, ndipo tizikasewera pa mafunde ngati a ku America. Pamenepo mawu a kumbuyo amatsanzira dala kaimbidwe ka Beach Boys. Ndi bodza lokoma lomwe lija aliyense amene anakwerapo basi ya ku Joni analimvapo. Ndinene chilungamo, theka lachiwiri la nyimboyi n'kungoliza zida mopanda mutu kwa mphindi zingapo, ndipo ine ndimadumpha.

Apanso pali chimene sichikunenedwa. Mwayi wa mapaundi 10 unali wa azungu, pakuti Australia inali ndi lamulo lotsekereza anthu a khungu lina, limene linathetsedwa kotheratu mu 1973. Ndipo pamene ana a Arthur ankatuluka pa khomo lakutsogolo, Britain anali kutseka khomo lolowera anthu a ku Jamaica, India ndi Africa, ndi malamulo a 1962 ndi 1968. Mu April 1968 Enoch Powell anayankhula mawu ake otchuka odana ndi obwera, ku Birmingham. Umu ndi mmene zinthu zinalili pamene Ray ankalemba, ndipo m'misewu ya kumpoto kwa London obwerawo analimo kale, akuyendetsa mabasi ndi kugwira ntchito m'zipatala. M'chimbale chonena za kutha kwa ufumu, ana a ufumuwo amene anafika pakhomo sakuonekamo.

Zotsalazo ndidutsamo msanga. Drivin' ndi Arthur akuuza banja lake kuti Arasha ndi Matchaina azimenyana okha, ife tinyamule mowa ndi zophika tipite ku Potters Bar, okhometsa ngongole asatipeze. Brainwashed ndi mdzukulu wophunzira akukalipira akuluakulu kuti mitu yawo inachapidwa ndi mabwana. Young and Innocent Days ndi yokumbukira ubwana, yokoma koma yosaluma. Nothing to Say imapweteka kuposa mmene imamvekera: mwana wabwera kudzaona bambo ake, wafunsa za nyamakazi, wafunsa za achibale, nkhani zatha, akungoyang'anana. Nyimbo yomaliza, ya dzina la Arthur, imamuuza mosabisa kuti dziko lamudutsa, kenako gulu lonse likuwomba m'manja ngati kutchalitchi n'kumamuuza kuti timakukonda ndipo tikufuna kukuthandiza. Atamuseka m'nyimbo 11, apa amukumbatira.

Pa msika chimbalechi sichinayende. Ku Britain sichinalowe n'komwe pa mndandanda wa zogulidwa kwambiri, ndipo ku America chinafika pa nambala 105. Tsoka lina linali lakuti The Who anali atatulutsa kale Tommy mu May chaka chomwecho, chimbale chinanso chofotokoza nkhani, ndiye anthu ena anangoti a Kinks akutsanzira. Victoria yokha ndiyo inayesako, kufika pa 33 ku Britain ndi 62 ku America, ndipo gulu la The Fall linaiimbanso mu 1988. Mbiri ya chimbalechi yakula pang'onopang'ono m'zaka zotsatira, ndipo mu 2019, chitakwanitsa zaka 50, BBC Radio 4 inaulutsa sewero la pa wailesi lochokera pa nkhani yomweyo.

Ray Davies mwini wake analandira mendulo ya CBE mu 2004, imene zilembo zake ziwiri zomaliza zikuimira ufumu wa Britain womwe uja anauikira maliro mu 1969. Mu 2017 anakagwada ku Buckingham Palace pamaso pa Prince Charles, mmodzi wa zidzukulu za Victoria, n'kudzuka ali Sir Ray. Sanakane.